Anayambirira Ndi Barnaba, Pakati Anagonapo Paulo

Akuluakulu amati kugona pakati n'kuyambirira. Mwambi umenewu ndi umene umasunga ulemu pabwalo, pamaliro ngakhale m'tchalitchi: wofika kale amapatsidwa mpando, wobwera dzulo amakhala pamphasa n'kumamvetsera. Palibe cholakwika pamenepa. Koma m'buku la Machitidwe a Atumwi muli munthu amene anayambirira, malo apakati anali ake ndithu, koma anadzuka yekha, kukaitana mnzake, n'kumusiyira malowo. Munthuyo ndi Barnaba. Ambiri timangomudziwa ngati dzina lotsatira dzina la Paulo, ndipo powerenga timalidumpha kuti tifike msanga pa zimene Paulo analankhula. Ine ndikuti tiimepo kaye.

Makolo ake anamutcha Yosefe. Anali wa fuko la Levi, wobadwira pachilumba cha Kupro, chimene pamapu a lero ndi Cyprus. Dzina loti Barnaba anamupatsa ndi atumwi ataona mtima wake wolimbikitsa anthu. Timayamba kumuona kumapeto kwa mutu 4, mpingo wa ku Yerusalemu ukadali wakhanda, atagulitsa munda wake n'kudzatula ndalama zonse kwa atumwi kuti zithandize osowa. Luka, mlembi wa bukuli, sakuchedwapo. Nthawi yomweyo akutembenukira kwa Hananiya ndi mkazi wake Safira, amenenso anagulitsa munda koma anabisako ndalama zina n'kunamizira kuti apereka zonse. Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Barnaba sanamukakamize munthu, ndipo palibe pamene timamva kuti tsiku lina anakumbutsa mpingo za munda uja pofuna kuti mawu ake alemere pamsonkhano.

Komatu munda ndi chuma chochepa. Chimene munthu amachiumira kwambiri ndi mbiri yake, ndipo Barnaba anaiperekanso imeneyo.

Taganizirani mmene zinalili ku Yerusalemu tsiku limene Saulo wa ku Tariso, amene pambuyo pake anadziwika kuti Paulo, anatulukira. Uyu ndi munthu amene anasunga zovala za anthu amene ankaponya miyala Stefano. Uyu ndi amene ankalowa nyumba ndi nyumba, kukoka amuna ndi amayi omwe kupita nawo kundende. Papita zaka zitatu, wabwera, akuti ndinakumana ndi Yesu panjira ya ku Damasiko, ndilandireni. Ophunzira anamuopa, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Pakati pawo panali anthu amene maso awo anaona zimene munthuyu anachita. Kukayika kwawo sikunali kuipa mtima. Barnaba yekha ndiye anamutenga, kupita naye kwa atumwi, n'kumulankhulira: mmene anatembenukira, ndi mmene analalikira mopanda mantha ku Damasiko. Saulo akanakhala kazitape, magazi a abale akanafunsidwa kwa Barnaba. Iye ankadziwa zimenezo, koma anaima naye. Saulo anakhala kwa Petro masiku 15, ndipo adani atayamba kumufunafuna, abale anamuperekeza ku Kaisareya n'kumutumiza kwawo ku Tariso. Kumeneko anakhalako zaka zingapo, ku Yerusalemu osamvekanso kwenikweni.

Apa tsopano ndi pamene nkhani ya Barnaba imandigwira mtima. Stefano ataphedwa, okhulupirira anabalalika, ndipo ena a ku Kupro ndi a ku Kurene, dera limene lero lili m'dziko la Libya, anafika ku Antiokeya n'kuyamba kulalikira kwa anthu amene sanali Ayuda. Antiokeya sunali mudzi wamba. Mu ufumu wonse wa Aroma unkaposedwa ndi Roma ndi Alexandria yokha. Lero ndi mzinda wa Antakya m'dziko la Turkey. Akulu a ku Yerusalemu atamva, anatuma Barnaba kuti akaone. Iye anafika, anaona, anakondwera, ndipo anthu ankangowonjezereka. Chilichonse chimene mtsogoleri amalakalaka chinali m'manja mwake: mzinda waukulu, mpingo wokula, chilolezo cha akuluakulu, ndi anthu omukonda. Ndiye taonani zimene anachita. Ananyamuka ulendo wa makilomita oposa 200 kukafunafuna Saulo ku Tariso.

Wina anena kuti mutu umodzi susenza denga, ntchito inamuchulukira. Zoona. Koma mwambi umenewu tonse timaudziwa, ndipo tonse timaitana otithandiza. Funso ndi lakuti timaitana ndani. Kawirikawiri timasankha wachiwiri amene tikudziwa kuti sadzatiposa, womvera, wosaphunzira kwambiri kutiposa ife, amene akalalikira anthu azikumbukirabe ulaliki wathu. Barnaba ankamudziwa bwino Saulo. Ankadziwa kuti ndi wophunzira wa Gamaliyele, nzika ya Roma, munthu wa mutu wakuthwa ndi lilime losagonja. Ankayenera kuona kuti munthu wotere sakhala kumbuyo nthawi yaitali. Anakamutengabe, chifukwa chimene ankayang'ana ndi njala ya anthu a ku Antiokeya, osati mpando wake. Anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu, ndipo kumeneko n'kumene okhulupirira anayamba kutchedwa Akhristu. Njala itagwa m'masiku a mfumu Klaudio, amene analamulira kuyambira chaka cha 41 mpaka 54, awiriwa ndiwo anasenza thandizo la mpingowo kupita nalo ku Yudeya.

Mukatsegula mutu 13 mupeza mayina asanu a aneneri ndi aphunzitsi a ku Antiokeya. Loyamba ndi la Barnaba, lomaliza ndi la Saulo. Mpingo unawasanjika manja awiriwo n'kuwatuma, ndipo anayambira ku Kupro, kwawo kwa Barnaba. Anadutsa chilumba chonse kuchokera ku Salami mpaka ku Pafo. Kumeneko, pamaso pa bwanamkubwa Sergio Paulo, amene anatsegula pakamwa kudzudzula wamatsenga Elima anali Saulo, ndipo kuyambira pamenepo Luka akumutchula kuti Paulo, gulu lonse n'kumadziwika ndi dzina lake. Mpando unasintha mwini pachilumba chimene Barnaba anabadwira. Fufuzani m'buku lonselo, simupeza liwu limodzi la kudandaula.

Mayeso ena anamupeza ku Lustra. Paulo atachiritsa munthu wolumala chibadwire, khamu linafuula kuti milungu yatsika. Paulo anamutcha Herme chifukwa ndiye ankalankhula, koma Barnaba anamutcha Zeu, wamkulu wa milungu yawo yonse. Wansembe anabwera ndi ng'ombe ndi nkhata zamaluwa kuti apereke nsembe. Munthu amene mtima wake unali kuwawa chifukwa chotsitsidwa akanachedwako pang'ono kukana, kuti ulemuwo aumveko kukoma. Awiriwo anang'amba zovala zawo, kuthamangira m'khamulo, kuwauza kuti iwo ndi anthu chabe. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame: sipanapite nthawi, anthu a mumzinda womwewo anamuponya miyala Paulo n'kumukokera kunja poganiza kuti wafa. Mawa lake amene anali naye panjira yopita ku Derbe anali Barnaba.

Pali mwambi umene timaugwiritsa ntchito molakwika m'mipingo yathu, woti atambala awiri salira m'khola limodzi. Timaunena pamene mlaliki wachinyamata wayamba kukondedwa, ndipo mapeto ake amasamutsidwira kutali, kapena amatopa n'kukayambitsa mpingo wake pansi pa mtengo. Mwambiwo umanena zoona za atambala. Koma atumwi awiriwa anaonetsa kuti ntchito ya Mulungu imatheka anthu awiri amphamvu ali pamodzi, bola mmodzi avomere kuti mnzake amveke kuposa iye. Ndipo amene amayenera kuvomera ndi wamkuluyo, chifukwa ndiye ali ndi mphamvu yotseka chitseko.

Sindikufuna kumupaka Barnaba mafuta ngati munthu wosalakwa. M'kalata yopita kwa Agalatiya, Paulo akusimba za tsiku lina loipa ku Antiokeya. Petro ankadya limodzi ndi okhulupirira osadulidwa, koma atafika anthu ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula. Ayuda ena anamutsatira, ndipo Barnaba naye anatengeka. Ganizirani anthu aja amene iye mwini anawalandira ndi chimwemwe, akumuona akusuntha kuchoka pambale yawo. Ndikuona kuti chimene chinamugwetsa ndi mtima womwe uja wofewa: munthu wokonda anthu amavutika kukhumudwitsa alendo olemekezeka. Paulo anadzudzula Petro pamaso pa onse, ndipo mawuwo anamukhudzanso Barnaba. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene anamulankhulira Saulo pamene aliyense ankamuopa anafunika kuwongoledwa ndi Saulo yemweyo. Chisomo chimene ankagawira anthu ena nayenso ankachisowa. Pamsonkhano wa ku Yerusalemu, cha m'ma 49, iye ndi Paulo anaima mbali imodzi kuteteza anthu a mitundu ina kuti asasenzetsedwe mdulidwe.

Tsono mkangano umene unawalekanitsa. Pa ulendo woyamba uja anali ndi mnyamata wowathandiza, Yohane Marko, msuweni wa Barnaba, amene nyumba ya amayi ake ku Yerusalemu inali malo opemphereramo. Atafika ku Perga, mnyamatayo anawasiya n'kubwerera kwawo. Pokonza ulendo wachiwiri, Barnaba anati timutenge. Paulo anakana. Anakangana kwambiri, mpaka kusiyana: Paulo anatenga Sila kulowera ku Siriya ndi Kilikiya, Barnaba anatenga Marko kukwera chombo cha ku Kupro.

Paulo anali ndi mfundo. Munthu amene anaponyedwapo miyala amadziwa kuti paulendo wotere sufuna mnzako wothawa zinthu zikavuta. Ndipo ena amati Barnaba anakondera, chibale n'fupa sichiola. Koma kodi Saulo anali m'bale wake? Zimene Barnaba ankamuchitira Marko ndi zomwe zija anamuchitira Saulo ku Yerusalemu: kukana kuti mbiri yadzulo ikhale chigamulo cha moyo wonse wa munthu. Paulo ankayang'ana ulendo, Barnaba ankayang'ana mnyamata. Pamlandu umenewu ine ndili kumbali ya Barnaba, ndipo chimene chimandilimbitsa ndi mtengo umene analipira. Anataya mnzake wa zaka zambiri. Anatayanso malo ake m'mbiri, pakuti kuchokera pa mutu 15 Luka sakumutchulanso, ngakhale bukulo likupitirira mpaka mutu 28. Munthu amene analolera kutsika pampando mosakangana ndi yemweyo amene anakana kugonja pa nkhani ya mwana mmodzi wolephera. Kudzichepetsa kwake sikunali mantha. Pa za ulemu wake ankagonja, pa za munthu wotayidwa ayi.

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Chodabwitsa n'chakuti amene anadzadya naye Marko ndi Paulo amene anamukana uja. Ali m'ndende, polembera Filemoni, akumuwerengera Marko pakati pa antchito anzake. Akhristu a ku Kolose akuwauza kuti akabwera amulandire. M'kalata yachiwiri yopita kwa Timoteo akupempha kuti abwere naye chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Petro naye akumutchula ngati mwana wake. Papias, bishopu wa ku Hierapolis m'zaka zoyambirira za m'ma 100, anati Marko ndiye analemba zimene ankamva kwa Petro, ndipo Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amamutenga kukhala woyambitsa mpingo wa ku Alexandria. Mwa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, 13 ali ndi dzina la Paulo, limodzi la Marko. La Barnaba mulibe. Koma anthu awiri onsewo panali tsiku limene chitseko chinawatsekekera, ndipo amene anachitsegula ndi iye.

Za masiku ake otsiriza Baibulo limatipatsa kachidutswa kamodzi. Polembera Akorinto cha m'ma 54, mkangano uja utapita kale, Paulo akutchula Barnaba ngati mtumwi mnzake amene amadzigwirira ntchito kuti apeze chakudya, osalemetsa mpingo. Mwini munda uja anali akadali pantchito, akudya thukuta lake, kutali ndi maso a mlembi. Mbiri imene mpingo wa ku Cyprus unasunga imati anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro ku Salami, ndipo manda amene amati ndi ake ali pafupi ndi mzinda wa Famagusta. Mpingo umenewo umamutenga kukhala tate wake, ndipo mipingo yambiri padziko lapansi imamukumbukira pa 11 Juni.

Tsono ndilankhule ndi inu anzanga amene tsitsi layera, abusa, akulu a mpingo, amayi otsogolera anzanu, inunso oyang'anira makwaya. Pampingo panupo pali mtsikana amene anadulidwa, chilango anamaliza, koma mpaka lero amakhala pabenchi yakumbuyo ndipo palibe amamupatsa ngakhale vesi loti awerenge. Pali bambo amene anatuluka kundende, amabwera kudzapemphera, koma moni amaulandira wa patali. Palinso wachinyamata amene mumtima mwanu mukudziwa kuti mphatso yake iposa yanu. Anthu amenewa sangadzilankhulire okha, ndipo akadzilankhulira sawamvera. Mawu anu ndi amene amalemera pabwalo la akulu. Musatume mwana kukawaitana. Pitani nokha kunyumba kwawo sabata ino, ndipo nkhani yawo ikafika pabwalo, muyambe ndinu kuwaikira umboni.