Phwando la Vinyo mu Mzinda wa Njala

Pali funso lakale limene anthu anzeru akhala akukangana nalo, ndipo mpaka lero silinathe. Kodi munthu alakwa akadya zonona ndi kumwa zokoma pamene anzake ali ndi njala? Ena ayankha msanga kuti alakwa. Ena ati salakwa, pakuti chimene munthu wagula ndi ndalama zake nchake. Mayankho onse awiriwa ngofulumira. Kuti funsoli limveke bwino nkofunika kuyang'ana phwando lina limene linachitikadi mu mzinda wa Paris, m'dziko la France, pa tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 1870. Koma poyamba owerenga adziwe kadyedwe ka anthu a kumeneko.

Ku France kuli mwambo wa chakudya chamadzulo chimene sichibwera pa tebulo nthawi imodzi. Munthu akalowa m'nyumba yodyeramo yapamwamba amamubweretsera mbale imodzi yokhala ndi chakudya pang'ono. Akatha, operekera amachotsa mbaleyo nabwera ndi ina. Poyamba pamabwera msuzi kapena tizakudya toutsa mudyo, kenaka nsomba, kenaka nyama, pambuyo pake tchizi, ndipo potsiriza zotsekemera. Mbale iliyonse ili ndi vinyo wake, m'tambula yakeyake. Kale sizinali choncho. Pa maphwando a mafumu a ku France zakudya zambiri ankaziyala pamodzi, ndipo zina zinkazizira anthu asanazifike. Mwambo wobweretsa mbale imodziimodzi unachokera ku Russia, ndipo ambiri amati anaufikitsa ku Paris ndi kazembe wa dzikolo, Alexander Kurakin, cha m'ma 1810.

Kusankha vinyo woyenera chakudya si kungolota ayi, kuli ndi zifukwa zake. Vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko a mphesa, ndipo makokowo amasiyamo kanthu kamene kamaumitsa m'kamwa, monga ichitira nthochi yaiwisi. Nyama yonona imafewetsa kuumako, nchifukwa chake vinyo wofiira amapita ndi nyama. Ndi nsomba sagwirizana kawirikawiri, pakuti m'kamwa mumamveka ngati munthu wanyambita chitsulo. Nsomba amaipatsa vinyo woyera, wowawasa pang'ono, amene amagwira ntchito yonga ya ndimu. Vinyo wotsekemera amadikira kumapeto, chifukwa munthu akayamba ndi zotsekemera, zonse zotsatira zimamuwawasa. M'nyumba zotere muli munthu wantchito imeneyi yokha, amene m'Chifalansa amamutcha sommelier, ndipo luso lakelo amaliphunzira zaka zambiri. Nzeru yake siisiyana kwenikweni ndi ya mayi amene adziwa masamba oyenera nsinjiro ndi ena oyenera matimati okha. M'chaka cha 2010 bungwe la UNESCO linalemba kadyedwe ka maphwando a ku France m'kaundula wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa, ndipo linatchula mwapadera za kugwirizanitsa chakudya ndi vinyo.

Munthu womva zimenezi koyamba angathe kunena kuti uku nkususuka chabe kovala jekete. Komatu wosusuka amameza asanatafune, maso ake ali pa mbale ya mnzake, ndipo sadziwa chimene wadya. Wodya mwa mwambo uja amachedwa, amanunkhiza, amalawa, nafunsa kumene mphesazo zinamera ndi chaka chimene zinakololedwa. Kutero nkulemekeza thukuta la mlimi ndi dzanja la wophika. Ndiponso ndalama zake zimadyetsa mabanja a asodzi, alimi, otsuka mbale ndi operekera. Zoona, matambula asanu ndi awiri ndi matambula asanu ndi awiri ndithu, ndipo vinyo sachita manyazi ndi suti ya womumwa. Koma kuledzera ndi mlandu wina, umene upezekanso pamene palibe mbale ngakhale imodzi. Mwambowo pawokha ulibe choipa. Vuto limabwera munthu akayang'ana kunja kwa zenera.

M'chaka cha 1870 dziko la France linachita nkhondo ndi Prussia pamodzi ndi maiko ena a Ajeremani, ndipo linagonja pa nkhondo zoyamba. Pa 19 September adani anazinga mzinda wa Paris mbali zonse. M'katimo munali anthu ngati 2,000,000, ndipo panalibe ngolo ya chakudya imene ikanatha kulowa. Ng'ombe ndi nkhosa zimene anasonkhanitsa zitatha, anthu anayamba kudya akavalo, kenaka agalu ndi amphaka, ndipo makoswe anafika pa msika. Chaka chimenecho kunazizira koopsa. Malasha anasowa, ndipo anthu anadula mitengo ya m'misewu ndi ya m'minda yopumulirako kuti aothe moto. Amayi ankadzuka usiku kukaima pa mzere wa nyama, kunja kukuzizira, ndipo nthawi zina ankabwerera chimanjamanja. Mkaka unasowa, makanda ambiri namwalira. Nthomba ndi chibayo zinatenga anthu ochuluka amene matupi awo anali atafooka kale.

Pa 25 December, nyumba ina yodyeramo yotchuka, dzina lake Voisin, inakonza phwando la Khirisimasi. Wophika wamkulu anali Alexandre Choron. Pepala la zakudya za tsikulo lidakalipo, ndipo pamwamba pake analembapo kuti linali tsiku la 99 la kuzingidwa kwa mzinda. Nyama zambiri zinachokera ku malo osungirako nyama zachilendo, kumene udzu wozidyetsa unali utatha. Poyamba panali batala, tinsomba ta m'chitini ndi mutu wa bulu. Kenaka msuzi wa nyemba zofiira ndi msuzi wa njovu. Panatsatira ngamila yootcha, nyama ya kangaroo ya ku Australia, ndi nthiti za chimbalangondo. Pambuyo pake ntchafu ya mmbulu, mphaka wozunguliridwa ndi makoswe, bowa, ndi nsawawa zophikira batala. Anatsiriza ndi keke ya mpunga ndi tchizi cha Gruyère. Ndipo vinyo anali wochokera m'minda yomveka kwambiri m'dzikomo: Château Palmer wa 1864, Romanée-Conti wa 1858, Mouton Rothschild wa 1846, ndi wina wotsekemera wa ku Portugal wa 1827, amene anali atasungidwa zaka 43.

Kodi amene anadya phwandoli analakwa? Pali zambiri zowaikira kumbuyo, ndipo si bwino kuzinyoza. Nyamazo zikanafa ndi njala ngakhale akanapanda kuzipha. Njovu ndi yaikulu, koma siingakhutitse mzinda. Ataigawa kwa anthu 2,000,000 aliyense akanangolandira kachidutswa kakang'ono kwambiri. Vinyo nayenso sanalandidwe pakamwa pa munthu, pakuti mwa zinthu zonse vinyo ndiye sanasowe mu Paris nthawi yonseyo, ndipo botolo la 1846 silikanachiza mwana wosowa mkaka. Ena anganenenso kuti kudya mwaulemu adani ali pa chipata ndi mtundu wina wa kulimba mtima, monga mwa munthu amene asamba navala bwino pa tsiku la mlandu wake. Wophikayo analinso mmisiri amene anapatsidwa mmbulu nayesetsa kuti udyeke. Za iye palibe chonena.

Koma owerenga abwerere ku pepala lija, nadumphe njovu ndi ngamila. Maso a anthu amakodwa ndi nyama zachilendozo, chonsecho mlandu uli pa tinthu tating'ono: batala, tchizi, mpunga, nyemba. Izi ndizo zakudya zimene mayi wa pa mzere uja akanazidziwa, nazilakalaka. Mzinda wozingidwa uli ngati mudzi wa nkhokwe imodzi. Chimene wina watapamo chachepa kwa onse. Wolemera akalola kulipira mtengo uliwonse kuti apeze batala, wogulitsa saonanso chifukwa chogulitsira wosauka, ndipo wina amayamba kubisa katundu kuti mtengo ukwererenso. Motero ndalama za munthu mmodzi zimatha kuchotsa chakudya pa mbale ya munthu amene sanamuonepo, popanda kuba, popanda kuswa lamulo lililonse. Amene ati chogula ndi ndalama zake nchake anena zoona pa nthawi ya zokolola. Pa nthawi ya nkhokwe imodzi mawu omwewo asanduka ochepa. Boma nalonso lili ndi gawo lake, pakuti linachedwa kugawa chakudya mofanana. Buledi anayamba kumupima m'mwezi wa January 1871, magalamu 300 pa munthu wamkulu tsiku limodzi, ndipo pofika apo buledi wakeyo anali wakuda, wosakaniza ndi mpunga, mbewu zina ndi mapesi.

Pali nkhani ina ya nthawi yomweyo imene ilasa mtima kuposa ya njovu. Kagulu ka anthu ophunzira kwambiri kanali ndi chizolowezi chokumana kamodzi pa masabata awiri m'nyumba yodyeramo ya munthu wina dzina lake Paul Brébant. Pakati pawo panali Ernest Renan, wolemba mabuku a mbiri ndi a chipembedzo, Edmond de Goncourt, wolemba nthano, ndi Marcellin Berthelot, katswiri wa sayansi. Nkhondo itatha anthuwa anasulitsa mendulo yothokoza mwini nyumbayo. Pa menduloyo analembapo kuti pa nthawi yonse ya kuzingidwa sanazindikire ngakhale kamodzi kuti akudya mu mzinda wozingidwa wa anthu mamiliyoni awiri.

Mosakayika iwo anafuna kutamanda mwini nyumbayo, ndipo kuthokoza wokudyetsa ndi khalidwe labwino. Koma taonani chimene anasankha kutamanda. Luso lonse la kadyedwe kaja ndi luso la kuzindikira. Limaphunzitsa lilime kusiyanitsa vinyo wa munda uwu ndi wa munda woyandikana nawo, wa chaka cha mvula ndi wa chaka cha dzuwa. Tsono anthu a lilime lakuthwa choncho ananena okha, nalemba pa chitsulo chosafufutika, kuti sanazindikire. Sikuti za njalazo sanazidziwe, pakuti Goncourt yemweyo analemba zambiri za masautso a mzindawo m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku. Chimene anayamika nchakuti khomo la Brébant linali lochindikala, lotha kutsekera kunja kulira kwa mu msewu. Apa ndi pamene kudya kwabwino kumasanduka chinthu china. Munthu wodya zonona akudziwa kuti kunja kuli njala angathe kutuluka nachitapo kanthu. Koma wolipira ndalama kuti aiwale wagula chinthu chimene sichili pa pepala la zakudya.

Komabe funso lija silinathe, ndipo pano ndi pamene livuta koposa. Paris anazingidwa miyezi inayi, koma dziko lapansi silinakhalepo tsiku limodzi lopanda wanjala. Ngati munthu ayenera kudikira kuti onse akhute asanachite phwando, ndiye kuti sipadzakhala ukwati wophera mbuzi, ngakhale chikondwerero cha mwana wobadwa. Osauka nawonso amachita maphwando, ndipo amakwiya wina akawauza kuti nkuwononga. Nanga malire ali pati? Kodi ndi pa khoma la mzinda, kotero kuti wanjala wa kutsidya kwa nyanja sawerengedwa? Mu mzinda wozingidwa nkosavuta kuona kuti nkhokwe ndi imodzi. Masiku ano, pamene nsomba yogwidwa m'dziko lina imadyedwa m'dziko lina mawa lake, nkovuta kuloza pamene nkhokwe ya wina ithera ndi pamene ya mnzake iyambira. Wodya phwando la mbale zisanu ndi ziwiri mu Paris wa lero mwina sachotsa kanthu pa mbale ya munthu aliyense, mwinanso amachotsa osadziwa. Chimene angathe kuyankha yekha ndi funso la mendulo lija, lakuti walowa m'nyumbamo kudzalawa kapena kudzaiwala.

Mu mzinda womwewo munali munthu wina wolemera kwambiri, Mngelezi, dzina lake Richard Wallace, amene chuma chambiri chinamugwera m'chaka chomwecho cha 1870. Anali munthu wokonda zinthu zokongola, wosonkhanitsa zithunzi ndi ziwiya zamtengo wapatali, ndipo palibe anganene kuti ankadana ndi moyo wabwino. Iyeyu anakhalabe mu Paris nthawi yonse ya kuzingidwa, natulutsa ndalama zambiri zolipirira zipatala za ovulala ndi kuthandiza osowa.

Mzindawo unagonja pa 28 January 1871, ndipo chakudya chinayamba kulowa, china chotumizidwa ndi anthu a ku London. Mtendere sunakhalitse. Pa 18 March anthu wamba a mu Paris anaukira boma, ndipo olemba mbiri amawerenga zowawa za miyezi ya njala ija pakati pa zifukwa zake. M'mwezi wa May asilikali a boma analanda mzindawo, napha anthu zikwi zambiri m'sabata imodzi. Pa nkhondo ziwirizi mipope ndi ngalande za madzi zinaonongeka, madzi nakwera mtengo, kotero kuti osauka ambiri anaona kuti vinyo ndiye wotchipa. Wallace ataona zimenezi analipira ndalama zomangira zitsime zachitsulo m'misewu, kumene munthu aliyense akanamwa madzi kwaulere. Zoyamba zinaimikidwa m'chaka cha 1872. Nyumba ya Voisin inatsekedwa kalekale, koma zitsimezo zidakalipo m'misewu ya Paris, zambiri zopakidwa utoto wobiriwira, ndipo anthu amazitchula ndi dzina lake.