Nyumba ya mwini saotchera mbewa

Mwambi wakuti nyumba ya mwini saotchera mbewa umaletsa munthu kuchita zofuna zake ndi chinthu cha eni. Wootchayo amadya ndiwo, mwini nyumba n'kutsala ndi utsi. Tanthauzo lake likuoneka bwino pa mkangano wa mapaipi a mpweya wa carbon dioxide umene wautsa mapiri pachigwa pakati pa alimi a ku America ndi kampani ya Summit Carbon Solutions.

Kampaniyi inakonza zoyala mapaipi a makilomita pafupifupi 4,000 m'zigawo za Iowa, Nebraska, Minnesota, South Dakota ndi North Dakota. Mapaipiwo anali oti azitenga mpweya wochokera m'mafakitale 57 opanga ethanol ndi chimanga, kukaukwirira pansi penipeni pa nthaka. Lamulo la mu 2022 limachotsera kampani msonkho wokwana madola 85 pa tani iliyonse ya mpweya wokwiriridwa. Mbewa zake ndi zimenezo.

Nyumba yootcheramo ndi munda wa mlimi. Malamulo aakulu a dzikolo amalola boma kutenga malo a munthu ngakhale iye akukana, pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse ndipo mwiniyo walipidwa mokwanira. Mu Juni 2024 bungwe la boma la Iowa linalola Summit kugwiritsa ntchito mphamvu imeneyi pa alimi okana kusaina. Apa ndi pamene mwambiwu waswedwa: ndodo ya boma yabwerekedwa kwa wamalonda kuti aphwanyire chitseko cha eni.

Utsi wotsalira mlimi si wochepa. Makina olemera amatsendera dothi, kukumba kumasakaniza nthaka yachonde ndi yapansi, ndipo timapaipi tochotsa madzi m'munda timaduka. Pamwamba pa paipiyo mwini saloledwa kumanga nkhokwe kapena khola, koma msonkho wa malowo amalipirabe yekha. Ngozi nayo ilipo. Mu Febuluwale 2020 paipi yotere inaphulika ku Satartia m'chigawo cha Mississippi. Mpweyawu ndi wolemera, motero unadikha m'malo otsika. Magalimoto anazima okha, anthu 45 anapita kuchipatala ndipo pafupifupi 200 anasamutsidwa.

Anthu a ku South Dakota anaumva mwambiwu. Mu Novembala 2024 anavota kukana lamulo limene ankaliona kuti likukondera makampani a mapaipi, ndipo mu Malichi 2025 bwanamkubwa Larry Rhoden anasaina lamulo loletsa kulanda malo chifukwa cha mapaipi a mpweyawu. Ku Iowa aphungu anavomereza lamulo lochepetsa mphamvuyo, koma bwanamkubwa Kim Reynolds analikana mu Juni 2025. Alimi akumeneko anatsala pamtetete.

N'zoona kuti mwambiwu uli ndi malire. Msewu, mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi sangaime chifukwa cha munthu mmodzi wouma mutu, poti mlimi yemweyo adzayenda pamsewupo ndi kumwa madziwo. N'zoonanso kuti alimi ambiri anasaina mwa kufuna kwawo, ena poganizira kuti mafakitale a ethanol ndiwo amagula chimanga chawo, ndiponso kuti kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi ntchito yabwino. Komabe wosaina mwaufulu wachita kuitana mlendo m'nyumba mwake, ndipo kuvomera kwake sikuvomerera mnzake woyandikana naye. Nawo ufulu wosaina umachepa mphamvu ngati mlimi akudziwa kuti akakana, khoti lidzamulanda ndithu.

Lamulo la South Dakota silinaletse mapaipi. Langonena kuti wofuna kudutsa m'munda wa eni aodire, akambirane mtengo, ndipo akakanidwa alambalale. Ngati phindu la ntchitoyo ndi lalikulu monga akunenera eni kampani, ndalama zolipira mlimi mpaka avomere zipezeka. Ngati sizingapezeke popanda kukakamiza, ndiye kuti mbewazo zikupsa ndi nkhuni za mwini nyumba, ndipo kumeneko ndi kulanda.