Chikomekome cha Mkuyu ku Stormwind

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pochenjeza za chinthu chokongola kunja kokha. Mu World of Warcraft, masewero a pa intaneti amene Blizzard inatulutsa mu 2004, wosewera amene wasankha kukhala munthu wa mumzinda wa Stormwind amataya nthawi pa tsitsi, ndevu ndi nkhope, kenako n'kudzilembera mbiri ya ngwazi yosagonjetseka. Ngwazi yotereyi ndiye mkuyu uja: anzake amatopa nayo msanga chifukwa ilibe pogwira. Ena angati timasewera pofuna kuthawa zofooka zathu. Komatu msilikali wangongole ndiponso wamantha ndi amene amapatsa anzake chochita: wina amubisa, wina amuseka, wina akamulonjerera ngongoleyo kumalo omwera mowa m'mudzi wa Goldshire wa m'masewerowa.