Mpando wa wachiwiri: mfundo zisanu ndi imodzi zoti tizilingalire

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adalonjeza Amalawi nyumba za malamulo ziwiri, ya aphungu ndi ya Seneti. Mu Seneti mumayenera kukhala anthu 80: mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ya boma lililonse, mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake m'boma lililonse, ndi ena 32 oimira amayi, anthu aulumali, alimi, amalonda, apantchito ndi azipembedzo. Nyumbayi imayenera kukhala ndi sipikala wakewake ndi wachiwiri wake. Koma sidakumanepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, aphungu adaifufuta m'malamulo. Ngakhale zidatero, udindo wa wachiwiri tili nawo paliponse kuno ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu: m'komiti ya sukulu, ya maliro, ya kutchalitchi, ya banki mkhonde. Vuto lathu ndi loti timausankhira munthu mongomupepesa kuti wagwa pa upampando. Nazi mfundo zoti tizisinkhesinkhe.

1. Wachiwiri azikhala wokonzeka tsiku lililonse. Mu Juni 2005, Sipikala Rodwell Munyenyembe adakomoka ali pampando, aphungu akukangana pa nkhani yofuna kuchotsa Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Adamwalira patangopita masiku ochepa ku South Africa. Ntchito ya Nyumba idatsala m'manja mwa omuthandiza mpaka aphungu atasankha Louis Chimango. Tsoka silinunkha. Ngati ndinu a vaisi, dziwani kumene kuli mabuku, amene amasayinira ndalama ndi zimene mudagwirizana pamsonkhano wapitawo, ngati kuti mawa ndinu mudzatsogolere.

2. Mukakhala pampando, chipani chitsale pakhomo. Gawo 53 la malamulo athu limati sipikala, kapena aliyense wogwirizira mpando wake, asalamulidwe ndi chipani chimene chidamubweretsa m'Nyumba. Wotsogolera zokambirana saponya nawo voti pokhapokha mbali ziwiri zitafanana mphamvu. Kuno kwathu chipani chimabwera m'maonekedwe ena: ubale, mtundu, mpingo, chinansi cha pakhomo. Mumzinda wa Mzuzu mumakhala Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde, Achewa ndi ena ambiri. Wachiwiri amene amaloza okhawo olankhula chinenero cha kwawo amaphwasula gulu, ngakhale atagwira mpandowo kwa ola limodzi lokha.

3. Ntchito yotopetsa ndi imene imateteza ndalama za anthu. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, makanema onse amakhala pamenepo. Koma pambuyo pake Nyumba yonse imakhala ngati komiti n'kumadutsa ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha, ndipo kawirikawiri amene amatsogolera gawoli ndi wachiwiri kwa sipikala. Palibe amamuwombera m'manja, komatu ndi pamenepo pamadziwikira ngati chipatala chilandire mankhwala. N'chimodzimodzi pabanki mkhonde. Amayi akhala pamphasa, bokosi la maloko atatu lili pakati, mlembi akuitana mayina, wina wangotsitsa mutu chifukwa ngongole yake yadutsa mwezi. Apampando apita kumaliro ku Ekwendeni. Apa wachiwiri wabwino salola kuti chiwerengero chidumphidwe poti dzuwa lapendeka. Amati ndalama ziwerengedwe poyera, zilembedwe, aliyense amve ndi makutu ake, wangongoleyo afunsidwe mwaulemu koma afunsidwe ndithu.

4. Musalimbane ndi wamkulu wanu, komanso musamunamize. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Wachiwiri amene amazemba usiku kukauza anthu kuti apampando alephera amagwetsa mpando womwe akuufunawo, pakuti anthu akazolowera kunyoza mtsogoleri sadzasiya iye akadzalowapo. Koma kungoti "inde bwana" pa chilichonse ndi kusakhulupirikanso. Mukaona kuti njira yakhota, pitani kunyumba kwawo muli awiri, muwauze kuti, "Apampando, apa tikulakwitsa." Akakana kumva pa nkhani ya ndalama kapena chilungamo, itengereni kukomiti masana, iwo ali pomwepo.

5. Maso anu azifika kumbuyo kwa msonkhano. Seneti idalinganizidwa kuti amene sangapambane chisankho cha pamsonkhano wa ndale akhale ndi pakamwa. Ku Zimbabwe, kumene nyumba yotere ilipo, mwa maseneta 80 muli mafumu 18 ndi awiri oimira anthu aulumali, ndipo pulezidenti wa Seneti akachokapo wachiwiri wake ndiye amagawa mwayi wolankhula. Ife tidataya nyumbayo, koma anthu amene imayenera kuwaimira tikukhala nawo. Pamsonkhano wa chitukuko cha m'dera, mayi wamasiye, mnyamata wa kabaza ndi munthu wa panjinga ya olumala amakweza mkono kamodzi, akaona kuti sakuonedwa amautsitsa osaukwezanso. Apampando akatanganidwa ndi alendo olemekezeka, wachiwiri ndiye awanong'oneze kuti, "Amayi aja sadalankhule."

6. Mpando ndi wobwereka. Ku South Africa, nyumba yoimira zigawo ili ndi nthumwi 90 ndi achiwiri kwa wapampando awiri. Mmodzi amakhala zaka zisanu, koma winayo amakhala chaka chimodzi n'kusiyira wochokera kuchigawo china, kuti zigawo zonse zisanu ndi zinayi zilaweko. Munthu wodziwa kuti adzachoka amasunga mabuku mwaukhondo ndipo amaphunzitsa womutsata. Mukagwirizira mpando, musasinthe zimene gulu lidagwirizana kale. Mwini wake akabwera, mufotokozereni zonse zimene zachitika, mubweze makiyi osachita kukumbutsidwa.

Choncho, anzanga a ku Geisha, chisankho cha komiti chikadzafikanso, tisadzathamangire kuti "amene wakhala nambala 2 akhale vaisi" pofuna kuti tibalalike msanga. Tidzafunse kaye: kodi munthuyu amafika pamisonkhano? Angathe kudzudzula m'bale wake poyera? Angagwire ntchito dzina lake osatchulidwa? Amene tingamuyankhire kuti inde pa mafunso atatuwa ndiye timupatse udindowo, ndipo tizimulemekeza monga momwe timalemekezera apampando.