Kodi Malipiro Amayeza Munthu?

Pakutha pa mwezi uliwonse anthu zikwizikwi amandanda m'mabanki kapena pazenera la ofesi kudikira malipiro awo. Wina amalandira ndalama zomufikitsa mwezi wamawa popanda kudandaula, pamene mnzake amalandira zotha sabata isanathe. Mlonda wochezera panja usiku wonse m'chisanu cha mwezi wa June amalandira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mwini katundu amene iye akulonderayo. Kusiyana kotereku kudazolowereka, mwakuti anthu ambiri adafika pokhulupirira kuti wolandira zambiri ndiye munthu weniweni ndipo wolandira zochepa ndi munthu wachabe. Maganizo amenewa ndi ofunika kuwaunika mofatsa. Kodi malipiro amayeza munthu, kapena amayeza kanthu kena?

Ena mwa anthu amene amasinkhasinkha za malipiro tsiku ndi tsiku ndi akatswiri a zachuma ogwira ntchito m'mabanki aakulu a maiko. Banki yaikulu ndi yosiyana ndi mabanki amene anthu wamba amasungako ndalama. Iyo ndiyo imatulutsa ndalama za dziko, imayang'anira mabanki ena onse, ndiponso imaika mlingo wa chiwongoladzanja umene mabankiwo amatsata pokongoza anthu. Ku Malawi udindowu uli m'manja mwa Reserve Bank of Malawi, imene idayamba ntchito zake mu 1965, ndipo ku America uli m'manja mwa Federal Reserve, imene idakhazikitsidwa mu 1913. Mabanki oterewa amakhala ndi nthambi ya kafukufuku, pakuti sangateteze mphamvu ya ndalama popanda kudziwa kuti anthu akulandira zingati, akugula zinthu pamtengo wanji, ndiponso kuti osowa ntchito ndi angati. Kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zitatu zimene zimakweza kapena kutsitsa malipiro.

Choyamba ndi luso. Kale mu 1776, Adam Smith wa ku Scotland adayerekeza munthu amene waphunzira ntchito yovuta kwa zaka zambiri ndi makina okwera mtengo, amene mwini wake amayembekeza kuti adzabweza ndalama zimene adagulira. Luso losowa limalipidwa bwino chifukwa olifuna ndi ambiri koma eni ake ndi ochepa. N'chifukwa chake maiko amalimbikira maphunziro. Boma la Malawi litachotsa fizi ya ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mu 1999 padakhazikitsidwa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa, ndipo mawuwa ndi oona. Komabe khama lokha silifotokoza zonse. Mwana wobadwira kutali ndi sukulu, kapena amene makolo ake adalephera kumulipirira ku sekondale, amasowa luso popanda kulakwa kwake. Malipiro ake ochepa akuonetsa mwayi umene udamudutsa, osati kuchepa kwa nzeru zake.

Chachiwiri ndi zipangizo. Akalipentala awiri aluso lofanana akhoza kupeza ndalama zosiyana kwambiri ngati wina ali ndi sowo ndi mpini wa m'manja pamene mnzake ali ndi makina oyendera magetsi. Woyamba adzakhoma chitseko chimodzi pamasiku awiri, wachiwiri zitseko zingapo tsiku limodzi. Makinawo amafuna mpamba, ndipo mpamba kawirikawiri umachokera ku ngongole ya kubanki. Apa ndi pamene mabanki amakhudzira kukula kwa chuma cha dziko. Chiwongoladzanja chikakwera, mmisiri wamng'ono amaopa kukongola, ndipo amakhalabe ndi sowo yake yakale. Mu 2024 mlingo wa chiwongoladzanja wa Reserve Bank of Malawi udafika pa 26 peresenti, ndipo wokongola ku mabanki ena ankalipira kuposa pamenepo. Kalipentala wa sowoyo amatuluka thukuta lambiri kuposa mnzake uja, koma ndiye amapita kunyumba ndi zochepa.

Chachitatu, chimenenso chili chobisika kuposa zonse, ndi mphamvu ya ndalama. Malipiro enieni si nambala yolembedwa papepala ayi, koma ufa, sopo, mafuta ndi feteleza zimene nambalayo ingagule. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa, mwakuti mtengo wa dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa pafupifupi K1,180, udakwera ndi 44 peresenti kufika pa K1,700. Nthawi imeneyo malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma adali K50,000 pamwezi. Ndalamayi inkafanana ndi madola pafupifupi 42, koma tsiku limodzi lokha idatsika kufika pa madola 29. Wantchito adalawirira m'mamawa monga mwa masiku onse, luso lake silidachepe, ndipo khama lake lidali lomwelo, koma dzanja lake lidapepuka. Mu February 2024 boma lidakweza malipirowo kufika pa K90,000, mitengo ya katundu itathamanga kale. Ngati malipiro angachepe motere munthu asanasinthe kanthu, n'zoonekeratu kuti chimene malipirowo amayeza si munthuyo.

Wina akhoza kunena kuti ngati zili choncho, boma lingolamula kuti aliyense azilandira zambiri, ndipo banki yaikulu isindikize ndalama zokwanira. Maganizowa ndi achifundo koma ndi oopsa. Ndalama zikachuluka katundu asanachuluke, mitengo imakwera, ndipo woyamba kuvutika ndi wosauka yemweyo, amene alibe nyumba kapena munda woti mtengo wake ukwere pamodzi ndi zinthu zina. Walira mvula walira matope. Mu 1958 A. W. Phillips, katswiri wochokera ku New Zealand, adasanthula malipiro a ku Britain kuyambira 1861 mpaka 1957, ndipo adapeza kuti ulova ukachepa malipiro amakwera msanga, koma ulova ukachuluka malipiro amakwera pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo akatswiri a m'mabanki aakulu akhala akulimbana ndi funso lowawa lakuti: kodi n'koyenera kulola anthu ena kutaya ntchito pofuna kuti mitengo ileke kukwera?

Funsoli lidayankhidwa ndi zochita ku America. Paul Volcker atakhala mkulu wa Federal Reserve mu 1979, adapeza mitengo ikukwera mothamanga, ndipo mu 1980 idakwera ndi 13 peresenti ndi kupitirira. Iye adakweza chiwongoladzanja mpaka pafupifupi 20 peresenti. Pofika 1983 kukwera kwa mitengo kudatsika kufika pansi pa 4 peresenti, koma chakumapeto kwa 1982 ulova udali utafika pa 10.8 peresenti. Dziko lonse lidapindula ndi ndalama yokhazikika, koma mtengo wa phindulo udalipiridwa ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi omanga nyumba amene adachotsedwa ntchito, osati akatswiri amene adapanga chiganizocho. Mankhwalawo mwina adali ofunika, komabe chilungamo chimafuna kuti amene adamwa kuwawa kwake asaiwalike. Dziko lochira chifukwa cha kuvutika kwa anthu ochepa lili ndi ngongole kwa anthu amenewo.

Pamenepa ndi pamene pali malire a kafukufuku. Manambala amafotokoza chifukwa chimene malipiro alili momwe alilimo, koma sanena ngati malipirowo ndi achilungamo. Amayeza kusowa kwa luso pamsika, mphamvu ya makina ndi mphamvu ya ndalama. Sayeza kukhulupirika kwa namwino wochezera wodwala, kapena kuleza mtima kwa mphunzitsi wa ana oposa zana m'kalasi limodzi, kapena ntchito ya mayi wotunga madzi ndi kulera ana amene salandira ngakhale tambala imodzi. Wolemba ntchito amene amalipira zochepa podziwa kuti wantchito alibe kwina kolowera sangabisale kumbuyo kwa msika, pakuti msika umangomuuza malipiro ochepa amene angapezere munthu, koma chikumbumtima chake ndicho chimamuuza malipiro oyenera kupereka.

Wophunzira amene ali pafupi kumaliza sekondale ayenera kusunga mfundo ziwirizi pamodzi. Alimbikire kupeza luso, pakuti luso limakweza malipiro ndiponso limakuza chuma cha dziko. Koma tsiku limene adzakhale paudindo, kaya kubanki, kaya kukampani, kaya pakhomo pake pomwe polemba wantchito wa m'nyumba, adzakumbukire kuti nambala ya malipiro ndi mtengo wa ntchito pamsika wa nthawi imeneyo. Ulemu woyenera munthu sutsika pamodzi ndi kwacha, ndipo wolandira K90,000 ndi wolandira mamiliyoni ayenera kuulandira mofanana.