Maso a Ukonde: Udindo wa Munthu Wosankhira Anzake

Aliyense wokulira m'mphepete mwa nyanja amadziŵa kuti nsomba zimene msodzi adzakole maŵa zidasankhidwa kale ndi amene adaluka ukonde wake. Wolukayo akachepetsa maso a ukonde, msodzi, ngakhale akhale wachifundo chotani, adzavuula chambo pamodzi ndi kasawala yemwe, tiana tosakhwima. Akaŵakulitsa masowo, tianato tidzapulumuka. Msodzi amapalasa bwato, amaponya ndi kukoka, nkumayesa kuti zonse zachitika mwa kufuna kwake, chonsecho mbali ina ya mlandu idagamulidwa pamtunda iye asanaloŵe m'madzi.

Fanizo limeneli lidandibwerera m'mutu chifukwa cha mdzukulu wanga. Achinyamata a m'dera lathu kuno ku Mangochi adalandira makompyuta atatu akale kuchokera kwa munthu wakufuna kwabwino. Cholinga chao chidali chojambulirapo nyimbo za makwaya, maseŵero ndi magule a makolo. Khumbo lotere silodabwitsa, pakuti boma lathu lidaziona msanga wailesi za kumadera: Dzimwe idayamba ku Monkey Bay mu 1998 ndipo Radio Maria idatsegulidwa mu 1999. Ana okulira pafupi ndi wailesi amalakalaka kuti nawonso mau ao amveke. Mdzukulu wangayo, poti ndiye adaphunzirako za makinaŵa, adapatsidwa ntchito yoikamo zofunika, koma padapita masiku atatu asanaike kanthu.

"Kodi iwe," ndidamufunsa, "ntchito yongoika zinthu m'makina ikukusoŵetsa tulo bwanji?"

"Agogo," adayankha, "chimene ndiike ine ndi chimene anzanga adzayese kuti ndiye kompyutayo. Ambiri sadzasintha kanthu."

Yankho limeneli lidanditsegula maso. Mwanayu adakumana ndi funso lakale kuposa makompyuta: kodi munthu amene wapatsidwa mwai wosankhira anzake zinthu, iwo asakudziŵa nkomwe kuti padali zosankha, ali ndi udindo wotani?

Tiyeni tiyambe tamvetsa chimene chimasankhidwacho. Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa mapulogalamu ena onse, monga momwe mphunzitsi wamkulu amayendetsera sukulu. Ena mwa mapulogalamu aakuluŵa adakonzedwa makamaka kaamba ka anthu ojambula mau ndi nyimbo. Chitsanzo ndi Ubuntu Studio, imene idatuluka koyamba mu 2007. Iyo ndi mphukira ya Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004 pa maziko a Linux. Dzina lakuti ubuntu ndi lomwe lija ife timati umunthu. Pulogalamuyi njaulere, ndipo imafika itanyamula kale zida monga Audacity ndi Ardour, zojambulira ndi kusakanizira mau. Munthu akangoyatsa makina amapeza zinthu zitakonzedwa: chida ichi chili pamwamba, icho chabisika, muyeso uwu waikidwa pakuti. Zimenezi ndizo tizitcha zosankhiratu. Sizidagwe kumwamba ai. Padali anthu amene adakhala pansi nagwirizana kuti zikhale choncho.

Poyamba tione kuti chosankhiratu chilichonse chimakomera wina ndi kupsinja wina. Kompyuta ikamajambula, imapima mau ka 44,100 kapena ka 48,000 pa sekondi imodzi, ndipo miyesoyo imaisonkhanitsa m'mitolo isanaitumize. Pa liŵiro la 48,000, mtolo wa miyeso 256 umadzaza pa magawo pafupifupi 5 mwa magawo 1,000 a sekondi, pamene wa miyeso 1,024 umatenga magawo pafupifupi 21. Mtolo ukakula, woimba amamva liwu lake m'mahedifoni litachedwa, ndipo amasokonezeka. Mtolo ukachepa, kuchedwako kumatha, koma makina ofooka amalephera kupirira, ndipo mau amatuluka akuthetheka ngati chimanga pamoto. Tsono wosankhiratu aike uti? Akaika waung'ono wakondweretsa mwini makina amphamvu, ndipo mtsikana wa ku Namwera amene ali ndi laputopu yakale adzaganiza kuti ndiye wosadziŵa ntchito. Nambala imodzi yokha yaŵeruza kale pakati pa wolemera ndi wosauka.

Chimodzimodzinso kukula kwa pulogalamu. Kuika zida zambiri nkwabwino kwa amene intaneti saiŵerengera, koma kwa wogula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, gigabaiti iliyonse ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Komabe kuchepetsa zidazo kumamupwetekanso yemweyo, chifukwa tsiku limene adzafune chida chosoŵacho adzayenera kugulanso bandulo. Ndiponso kudziko kumene magetsi amatha kuthima nthaŵi iliyonse, monga tidaonera mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, funso lakuti makina azisunga okha ntchito pakapita mphindi zingati si laling'ono. Kwaya yoyenda mtunda wautali kudzajambula singabwerenso maŵa.

Kachiŵiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani, zosankhiratu zimaphunzitsa mwakachetechete chimene chili choyenera. Mapulogalamu ambiri opangira nyimbo akatsegulidwa amayamba ndi kugunda 120 pa mphindi, kugundako kutaikidwa m'magulu a kanayi kanayi. Amayambanso ndi makwerero a mau a piyano, amene amagaŵa mtunda wochoka pa do kufika pa do wapamwamba m'zigawo 12 zofanana. Mndandanda wa zoimbira 128 wotchedwa General MIDI, umene udakhazikitsidwa mu 1991, uli ndi kalimba, koma mulibe bangwe, mulibe kaligo, mulibe mangolongondo. Kunena zoona, amene adakonza zimenezi sadali ndi chiwembu. Adangotenga nyimbo zimene ankazidziŵa naziyesa poyambira pa anthu onse. Koma ng'oma zathu kaŵirikaŵiri zimalukana, ina ikugunda kaŵiri pamene inzake ikugunda katatu, ndipo zoimbira za makolo zimachunidwa potsata khutu la mwini ndi la mudzi wake.

Ndidaona ndi maso anga kumene zimenezi zimafikitsa. Anyamata aja adaitana mkulu wina wa Chiyao, katswiri wa mangolongondo, kuti adzamujambule. Atatha, mnyamata wina adatsegula chida chopimira mau, ndipo chidacho chidaonetsa kuti pafupifupi mtengo uliwonse udali pamwamba kapena pansi pa muyeso wa piyano. Mnyamatayo adapukusa mutu nati, "Mangolongondo a agogoŵa ngosachunidwa. Tiŵaongole pakompyuta." Mwamwai mkuluyo adali atatuluka. Makinawo sadaname, adapima ndi ndodo imene adapatsidwa. Koma mwana adatengapo phunziro labodza, lakuti luso la zaka makumi ambiri ndi cholakwa chofunika kukonza. Palibe mphunzitsi amene adaimirira kutsogolo nkumuuza zimenezo. Chosankhiratu ndicho chidamuphunzitsa, ndipo chidamuphunzitsa bwino kuposa ife aphunzitsi, chifukwa sichidaoneke ngati phunziro.

Nkofunika kukumbukira kuti pali njira ina. Hugh Tracey, amene adajambula nyimbo m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958, ankayenda ndi tizitsulo tambiri topimira mau, kuti alembe kachunidwe ka choimbira chilichonse monga momwe mwini adachichunira. Iye adayesa kupima pofuna kumvetsa, osati pofuna kukonza. Kusiyana kwa zolinga ziŵirizi ndiko kusiyana kwa ulemu ndi chipongwe.

Wina angatsutse nati, "Mukukuza nkhani, aphunzitsi. Zosankhiratu zimasinthika. Amene sakuzifuna angosintha, ufulu ali nawo." Mfundoyi ili ndi choona chake, ndipo mapulogalamu aulere ngotamandika chifukwa salola kuti khomo likhomedwe. Koma khomo limene munthu sakudziŵa kuti lilipo silisiyana kwenikweni ndi khoma. Pa zaka zanga zauphunzitsi ndidaona kuti mwana amene ndamukhazika kumbuyo tsiku loyamba amakhala komweko chaka chonse, ngakhale ndidalengeza kuti aliyense ali ndi ufulu wosintha malo. Anthufe timaopa kugwedeza chimene tachipeza chitaikidwa, poganiza kuti amene adachiika adali wodziŵa kutiposa. Choncho wosankhiratu sangasambe m'manja ndi mau akuti adasiya ufulu. Iye akudziŵa bwino lomwe kuti ambiri sadzaugwiritsa ntchito.

Wina angapitirire nati, "Ngati zili choncho, asasankhe kanthu. Makina azifunsa mwini funso lililonse." Kumeneku ndiko kuthaŵa udindo kovala malaya a ulemu. Mlendo wofika ndi njala sitimuimika pakhomo nkumufunsa mafunso makumi asanu a ufa, mchere ndi nkhuni. Timamupatsa madzi osamba m'manja ndi nsima, kenaka nkumufunsa ngati pali chimene sadya. Mwana wongoyamba kumene akafunsidwa kukula kwa mtolo wa miyeso asanaimbe ndi nyimbo imodzi yomwe, adzazimitsa makina nkupita kukaseŵera mpira. Kusasankha nakonso nkusankha, pakuti kumatsekera kunja onse osadziŵa. Ngakhale akatswiri okonza Ubuntu Studio sadathe kupeŵa zimenezi: mu 2020 adasintha maonekedwe a pulogalamu yao kuchoka pa Xfce kupita pa KDE Plasma, ndipo amene adazoloŵera akale adayenera kuphunziranso. Wotsogolera sangakondweretse onse. Chimene angathe ndi kusankha mwachilungamo.

Tsono chilungamo chimenechi chimaoneka bwanji? Ine ndikuona zinthu zinayi.

Choyamba, wosankhiratu aganizire wofooka. Katswiri wa makina amphamvu amadziŵa kusintha zimene sakuzifuna, koma wongoyamba sadziŵa. Motero nkoyenera kuti zosankhiratu zikomere amene sangathe kudzithandiza, ndipo wodziŵa ndiye avutike pang'ono posintha. Paulendo wa pamodzi liŵiro limatengera wamiyendo yaifupi.

Chachiŵiri, aonetse khomo. Sikokwanira kuti chinthu nchosinthika. Wogwiritsa ntchito auzidwe m'chilankhulo chimene amamva kuti apa padasankhidwa chakuti, pa chifukwa chakuti, ndipo njira yosinthira ndi iyi. Muyeso wa piyano ukatchulidwa dzina lake, mwana adzadziŵa kuti ndi muyeso umodzi mwa miyeso yambiri.

Chachitatu, asabise phindu lake m'zosankha za ena. Mu 2021, kampani ya Muse Group itatenga Audacity, padabuka mkangano waukulu pa ganizo lakuti pulogalamuyo izitha kutumiza uthenga wa momwe anthu akuigwiritsira ntchito, ndipo ganizolo lidabwezedwa anthu atadandaula. Phunziro lake nlakuti anthu amapereka chikhulupiriro kwa wosankhira, ndipo chikhulupiriro chikasweka sichimatika msanga. Pano tikhudzeponso za mapulogalamu ogulitsa amene anthu amakopa mwakuba. Kuika pulogalamu yakuba m'makina a ana oimba ndiko kuŵaphunzitsa, pa tsiku loyamba lenilenilo, kuti thukuta la mnzako lilibe mtengo. Anawo ndi omwe maŵa adzapite ku bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito zaluso, kukadandaula kuti nyimbo zao zikukopedwa. Pamene chida chaulere chilipo ndipo chikugwira ntchito, kusankhira ana chakuba nkulakwa kaŵiri.

Chachinayi, afunse ndipo akhale wokonzeka kubweza. Mutu umodzi susenza denga. Amene akusankhira anzake ayambe wakhala nawo pansi, aone makina ao, amve nyimbo zao, ndipo pakapita miyezi abwerenso kudzafunsa chimene chikuŵapweteka.

Mdzukulu wanga adamaliza ntchito yake pa sabata yachiŵiri. Adaika mtolo waukulu kuti makina akalewo asathetheke, navomera kuti oimba azijambula osadzimvera m'mahedifoni. Adaika zida zoŵerengeka pamwamba, zina nazisunga pa fulashi kuti pasadzafunike bandulo. Adazimitsa mizere imene imakokera kugunda kwa ng'oma pa muyeso wa makina, ndipo pakhoma adamatapo pepala lolembedwa m'Chicheŵa ndi m'Chiyao lofotokoza zimene adasankha ndi njira yozisinthira. Si onse adakondwa. Mnyamata wina wokonda nyimbo zamakono adadandaula kuti tsiku lililonse amataya nthaŵi kuyatsanso mizere ija, ndipo dandaulo lake lidali loona. Adagwirizana kuti kompyuta imodzi mwa zitatuzo ikonzedwe momukomera iye ndi anzake. Mangolongondo a mkulu uja adasungidwa monga momwe adalirira.

Inu ophunzira, ambiri mwa inu simudzakonza mapulogalamu a kompyuta. Komabe nonse mudzasankhira ena. Wina adzalemba fomu ya kuchipatala, wina adzakonza ndandanda ya maphunziro, wina adzaika nthaŵi ya msonkhano wa mudzi, wina adzasankha chilankhulo cholankhula ndi ana ake pakhomo. Anthu obwera pambuyo panu adzazipeza zinthuzo zitaikidwa ndipo adzayesa kuti ndimo zimakhalira. Sadzakuthokozani mukasankha bwino, ndipo mwina sadzakudziŵani mukasankha moipa. Chifukwa cha chimenechi, udindo wotere umayesa umunthu wa munthu kuposa ntchito zoonekera pagulu. Tsiku limene mudzapatsidwe chingwe kuti muluke ukonde wa anzanu, mudzayambe mwadzifunsa kuti maso amene mukulukawo adzakola yani, ndipo adzapulumutsa yani.