Ola la m'madzi ndi la yani?

Bambo wa zaka 38 amene amagwira ntchito ya mashifiti pa mgodi wa Mimosa kufupi ndi Zvishavane, kapena mayi wolembedwa pa Unki ku Shurugwi, akati akufuna kupitiriza mipikisano yosambira, achibale amafunsa kuti, "Zibweretsa chiyani pakhomo pano?" Funsoli si lachipongwe. Nthawi ya munthu wamkulu ili ndi eni ake ambiri: abwana, ana, mpingo, maliro. Kodi ndi chilungamo kuchotsapo maola atatu pa sabata n'kukawathira m'madzi, pofuna kungodula sekondi imodzi pa mamita 100?

Pa nkhani ya thupi lokha, maola atatuwo angathe kukwanira. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, choncho amalanga wogona mokhota kuposa wochepa mphamvu. Wosambira wamkulu amapindula akakonza kagonedwe ka thupi, kapumidwe ndi katembenukidwe pakhoma. Kulowa m'dziwe katatu pa sabata, mphindi 45 ulendo uliwonse, kumasunga luso kuposa kudzipha tsiku limodzi Loweruka. Mtunda ukachepa, liwiro lisachepe: kubwereza mamita 50 kapena 100 mwamphamvu, ndi kupuma pang'ono pakati, kumasunga mtima ndi mapapo. Mipikisano ya akuluakulu, ya Masters, imayambira pa zaka 25 ndipo imaika anthu m'magulu a zaka zisanuzisanu. Dara Torres wa ku America anapata mamendulo atatu asiliva ku Beijing mu 2008 ali ndi zaka 41.

Koma kutheka kwa chinthu sikutiuza ngati n'choyenera. Apa mbiri ya migodi ya ku Midlands ili ndi mawu. Agogo ambiri a anthu olankhula Chichewa ku Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane anachokera ku Nyasaland, ena a iwo m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa kusambira asanadziwe kuwerenga. Atafika kumigodi, thupi lawo linkawerengedwa ndi matikiti a ntchito. Ankagona kukomboni, pamene makalabu ndi maiwe osambiramo anali a azungu. Dziko litalandira ufulu mu 1980 zipata zinatseguka, koma zosangalatsa za m'matauni amenewa zinkadalirabe thumba la kampani. Boma litatenga ulamuliro wa mgodi wa Shabanie mu 2004, ndiponso ng'anjo za ZISCO ku Redcliff zitazima mu 2008, matauniwo anasauka, ndipo masewera anavutika pamodzi ndi malipiro.

N'chifukwa chake ine ndimati mdzukulu wa matchona amene amasambira ndi wotchi akunena chinthu chachikulu: thupi lake silinabadwire ntchito yokha. Pamgodi wotchi imayeza zimene wapereka kwa ena. M'dziwe wotchi yomweyo imayeza chimene wadzisankhira yekha. Dziko lonse linasangalala pamene Kirsty Coventry anapambana golide pa mamita 200 osambira chagada mu 2004 ndi mu 2008. Ngati zimenezo zinali zolemekezeka kwa iye, sizisanduka zachibwana chifukwa choti wozichita wavula chisoti cha kumgodi maola awiri apitawo.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo malirewo ali pakhomo. Ola la m'madzi limachokera penapake. Likachokera pa nthawi ya kumowa kapena ya pa foni, palibe wolira. Likachokera pa tulo ta munthu wa shifiti ya usiku, liika pangozi anzake a pansi pa mgodi. Likachokera kwa mkazi amene watsala ndi ana ndi zidebe za madzi, iye osapatsidwa ola lakelake, ndiye kuti wosambirayo wachita kwa mnzake zomwe kampani inachita kwa agogo ake. Ola lotere liyenera kukambidwa pabanja, ndi kubwezedwa.

Palinso ngongole ina. M'matauni amenewa muli maenje a makorokoza ndi madamu odzadza madzi nthawi ya mvula, ndipo ana amaseweramo. Wodziwa kusambira akapatula Loweruka limodzi pa mwezi kuphunzitsa ana a m'dera lake kuyandama, liwiro lake lingatsikeko pang'ono. Masekondi amenewo zaka zikanadzamulanda ndithu. Kuli bwino awapereke yekha, akudziwa kumene apita.